Mkamwini wa Tizilombo ta Nsomba

Nguboyenja, Bulawayo
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Symon,

Ndikuyamika Mulungu kuti tikudzuka, ngakhale madzi kuno avuta. Nkhani ndi ya mwana wanga Chiyamiko. Wabweretsa mwamuna, dzina lake Trymore Banda, ndipo popanda mawu anu monga malume ake palibe chingachitike.

Munthuyo anabwera Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ndinali nditagula nsomba zabwinobwino. Asanakhale pansi n'komwe analowa kukhitchini n'kuyamba kuzikanula mopumira muja. Akuti ndiyo ntchito yake. Ku Donnington, m'fakitale ina yakale momwe amawetamo nsomba, iye amapala zonanda za pakhungu la nsombazo n'kumazisuzumira pamakina kufufuza tizilombo. Bambo wandevu, sukulu yonse ija.

Chakudya chinazizira iye akulalikira. Akuti tizilombo taketo n'ta selo imodzi koma tili ndi mafuko: tina taubweya, timene timatulutsa madontho oyera pansomba, tina tamchira. Ndiye pali fuko lina limene ophunzira anzake analichotsa m'gululo atapeza kuti abale ake ndi nyama za m'nyanja yamchere. Pofotokoza zimenezo maso anachita kuwala ngati wapeza m'bale wotayika.

Ndinamufunsa kuti nanga a Banda akewo ndi a mudzi uti, mfumu yake ndani. Anakanda kumutu.

"Angazi, mama, sindikudziwa. Agogo ankangoti ku Nyasalande."

Munthu wodziwa makolo a kachilombo, osadziwa kumene unakwiriridwa mchombo wa agogo ake. Ankhoswe ake tikawavuula m'thanki ya nsomba kodi?

Ambuye andikhululukire, ndinaseka mokweza, tsiku lopatulika. Chiyamiko sanaseke. Potsuka mbale anandifunsa chapansipansi kuti nanga ife kwathu n'kuti, poti Trymore akufuna kudziwa kokagwada. Ndinati ku Dedza.

"Ku Dedza pati, amayi?"

Ndinatembenuka n'kutsegula mpopi, mpopi woti sunadonthe sabata yonse.

Tsopano sakundilankhula bwino, ndipo akuti tikachedwa akalembetsa ukwati kuboma awiriwiri. Tulo sindikutiona. Wa nsombayo musamukane; ngogwetsa ulesi, koma mowa samwa.

Poyankha mundilembere dzina la mudzi wa malemu amayi ndi la mfumu yake, m'zilembo zazikulu. Inu munapitako mukuyenda kale, ine ndinali kumsana. Alamu musawauze chifukwa chake, mungowapatsa moni, iwo ndi ana onse ku Joni konko.

Ine mlongo wanu mwa Ambuye,
Enelesi