Chinjinga Chakula Kuposa Njira

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Amuna anga a Efren apha mkulu wawo, apo ayi mkulu wawoyo awapha. Chimodzi chichitika mpunga usanache. Ndikulemba kuti chichoke pakhosi, poti foni ya Manay Luding, achemwali anga a kutsidya kwa mtsinje, sikugwira.

Zonsezi ndi chinjinga chamoto cha matayala anayi chimene a Efren amatsitsira matumba a kokonati wouma kuchokera kuno kumtunda. Mwezi watha chinagubuduka pachitunda cha kuseri kwa khitchini, mwana wathu Lilet ali pamiyendo pa bambo ake. Mwana anagwera paudzu, Mulungu yekha. Iwo anavulala nthiti. Atapezako bwino anapita nacho kwa makaniko kutauni ya Ligao kukaikitsa masipesa, zitsulo zozungulira zokhuthala, zolowa kuseri kwa tayala lililonse kuti matayala atalikirane. Chinabwera chitatang'adza ngati nkhanu. Sichigwanso, zoona. Tsiku limenelo ndinasangalala, ndinapha nkhuku.

Koma njira yathu yotulukira kumsewu ndi imodzi yokha, pamwamba pa khoma ladothi lotchinga madzi m'munda wa mpunga wa alamu anga, Manoy Crispin, mkulu wawo wa a Efren uja. Malemu apongozi analiumbira njati yolimira, osati galimoto. Kale chinjinga chinkakwana ndendende. Tsopano matayala akuponda m'mphepete mwenimweni, kumagumula uku ndi uku.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Kwacha munda wa alamu ulibe madzi. Khoma labooka pawiri. Mpunga wangoyamba kumasula, nthawi yoti usasowe madzi olo pang'ono.

Alamu anakwera kuno matope mpaka m'chiuno. Sanakhale pansi, khofi anakana.

"Efren, chotsa zitsulozo. Nkhumba yakoyo yanenepa koma njira sinanenepe."

"Kulitsani khomalo, Manoy. Fosholo muli nayo."

"Ndilikulitse ndi munda wa ndani? Chaka chino mkazi wako akuphikira matayala?"

"Ndiye mukufuna mwana wanga aphwanyike. Mwana amene munamunyamula nokha pa ubatizo."

Alamu anayang'ana Lilet kanthawi. Analavula pambali nkutsika.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Alamu ndi akazi awo a Nida atandala akumata khoma ndi manja. A Efren adutsaponso madzulo, dothi lisanaume.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Magazi lero.

Alamu anakhoma nsungwi ziwiri polowera khoma, mpata wake wokwana chinjinga mmene chinalili kale. A Efren akutsika ndi matumba anaziona bwinobwino. Anangowonjezera moto. Nsungwi imodzi inathyoka nkuulukira a Nida amene amazula udzu pafupi, inawang'amba tsaya mpaka kukhutu. Ine ndili pachitunda Lilet ali m'manja, ndikuona zonse.

Alamu anathamanga nkutema tayala lakumbuyo ndi chikwanje. A Efren anasolola sipanala pansi pa mpando nkuwamenya nayo pakamwa. Kulira kwake ndinakumva ndili kumtunda. Anagwera m'munda onse awiri, wina pamwamba pa mnzake, kukanikizana mitu m'matope. Sindinadziwenso wanga ndi uti. Anawaleretsa ndi anthu amene amadikira jipu kumsewu. Mano a alamu atsala m'mpunga. A Efren khutu lalumidwa, malaya onse ofiira.

Lilet wakana kudya. Akungoti Papa matope, Papa matope.

Loweruka, 8 Febuluwale

A Efren amata tayala. Amanganso manati onse mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ati makaniko anawauza kuti masipesa amafuna kumangamanga. Ine ndinati bwanji tingochotsa mpaka mpunga ukololedwe, matumba tizisenza, inenso ndithandiza. Sindinamalize. Mbama. Mlomo watupa, mpunga ndikudyera mbali imodzi. Sanayambe andimenyapo mwana akuona.

Pamjigo ndinakumana ndi a Nida, tsaya losokedwa ngati thumba. Ndimayesa andilalatira. Anangondithandiza kupopa. Ati alamu anola chikwanje koma sanapite nacho kumunda, achiika pansi pa mkeka wogonera.

Anandiitana dzina langa nkunena kuti, "Jona, chinthu chija chikadutsanso Lolemba, mmodzi wa ife awiri avala zakuda."

Ndinati a Efren Lamulungu sajomba komenyanitsa atambala, amapita pa jipu, chinjinga chimatsala. Kenako anati abwera ndi paipi.

Manay L. foni ziii.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Tachita. Kutchalitchi sitinapite.

Tinatukula ndi mtengo, kutsamiritsa pachitsa cha kokonati. Manati olimba ngati anamera pomwepo. A Nida anaveka paipi kumchira kwa sipanala kuti italike, ine nkuimapo ndi mapazi onse mpaka inalira khwe. Kuchotsa tayala, mkatimo manati enanso a sipesa, kumasula amenewo, kuchotsa chitsulo, kubwezera tayala. Matayala onse choncho. Zala zanga zasupuka. Lilet amatipatsira manati mmodzimmodzi, amayesa masewera.

A Nida anati tikamaliza apa titsegule galaja yathu ku Ligao, amuna azitiphikira. Anaseka mpaka ulusi wa patsaya unakoka, anasiya.

Zitsulozo taziponya m'chimbudzi. Palibe akazivuule.

Chinjinga chaonda, chabwerera mwakale. Ndikachiyang'ana ndimakumbukira tsiku lomwe chinagwa ndi mwana. Basi Lilet asakwerenso. Nanga nditani.

A Efren abwera ataledzera, tambala wawo wafa. Sanayang'ane kumbali kumeneko.

Lolemba, 10 Febuluwale

Aona. Anatuluka ndi thumba paphewa nkuima chilili. Anagwada, kupisa dzanja kuseri kwa tayala. Anayang'ana kumunsi, kwa alamu.

Ndinati ndine. Ndinanena kawiri, ndine, Efren, ndachotsa ndekha.

"Iwe? Botolo la viniga umandipatsa ine kuti ndikutsegulire."

Ndinawaonetsa zala. Ndinalumbira pa mwana. Anayamba kundiyang'ana ngati akhulupirira, ndimati bola andimenye ine zithe. Kenako phazi lawo linagunda chinthu muudzu. Paipi. Ya penti wofiira, ya pamakina opopera madzi a alamu, aliyense kuno amaidziwa. A Nida anaiwala, inenso sindinaione.

"Ndiye Manoy wafika mpaka pakhomo panga ine kulibe."

Ndinati si iwo, ndi ife akazi, alamu sakudziwa kanthu. Sanamve. Ndinawagwira mwendo, anandiponda pachifuwa mpweya unathawa. Atenga chikwanje ndi paipi yomweyo, atsika wapansi.

Ndinakwawira pachitunda kufuula kuti a Nida amve. Mawu sanatuluke bwino. Lilet anali pambuyo panga akulira, ndinamunyamula kulowa naye. Ndatseka, ndatsamiritsa benchi ndi thumba la mpunga.

Kunamveka chitsulo pa chitsulo. Mawu a mwamuna, sindikudziwa uti. Kenako a Nida kulira, kulira kotalika kosapumira. Kenako zii. Agalu okha.

Uthenga wa pafoni sukupita. Ndayesa pawindo, ndayesa nditakwera pampando.

Wina akukwera chitunda. Ndikumuona pamng'alu wa khoma. Matope thupi lonse mpaka kumaso, chikwanje m'manja, akukoka mwendo umodzi. Msinkhu wawo ndi umodzi anthu awiriwa, kayendedwe komwe. Waima pachinjinga. Akuchiyang'ana. Lilet wati Papa, ndamutseka pakamwa. Kaya ndi wanga kaya ndi alamu, sindikudziwa woti nditsegulire.

Ndikuyesanso uthenga: Manay Luding bwerani. Tengani alonda a m'mudzi, tengani aliyense amene mumupeze. Musadikire jipu, wolokani pamtsinje pompo. Ndili ndi mwana muno. Munthu uja wasiya chinjinga, waponda sitepe yoyamba. Manay bwerani msanga.