Nkhata pa Phiri la Kenya

Lamlungu, mwezi wa Ogasiti. Tabwerera kunyumba ku Hurlingham, mu Nairobi muno, madzulo ano. Miyendo ikuphwanya, koma mtima uli mbee.

Tinagona kumudzi wina kumtunda kwa tawuni ya Naro Moru, m'tsinde mwa Phiri la Kenya, kozizira koti mano kugwegweda. Dzulo tinakwera phiri ine, bambo a Tadala ndi Tadala mwini wakeyo. Chikwama chakumsana chinanditupitsa mapewa, ndiye ndinapinda chitenje n'kukhala nkhata, chikwama pamutu, ulendo. Azungu ena anayamba kundijambula. Tadala ananyinyirika m'Chingerezi kuti ndikumuchititsa manyazi, nathamangira kutsogolo. Zinandiwawa. Mwanayu chibwerereni ku Nairobi kuno sanandiyankhepo m'Chichewa, ndipo Januwale akubwerayu akupita kusukulu yogonera konko. Ndimaopa kuti adzabwerako mlendo.

Potsika mvula inayamba, njira n'kuterera. Lamba wa chikwama cha Tadala anaduka. Anayesa kuchikumbatira, anayesa kuchikoka m'matope, osatheka. Bambo ake anati amunyamulire, iye anakana. Anaima, n'kuyang'ana pansi, kenako anati, “Amayi, nditwikeni.”

Nditwikeni! Mawu amenewa anawasunga kuti? Ndinang'amba chitenje changa chatsopano pakati osaganiza kawiri, n'kumupindira nkhata. Chikwama chinagwa kangapo, tinaseka mpaka misozi, koma anafika nacho m'mudzi khosi lili chilili.

Pochapa lero ndafunafuna chidutswa chija osachiona. Ndachipeza m'sutikesi yake ya kusukulu, chopindidwabe ngati nkhata, matope ali omwewo. Sindinamufunse. Ndangotseka bwinobwino, mwina mawa ndikamuyitana adzandiyankha m'Chichewa…