Mphatso ya a Fazal Din

Lahore
17 Febuluwale, 2019

Okondedwa achemwali anga a Parveen,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi alamu anga ndi onse kumeneko ku Quetta. Ndasankha kulemba m'malo moimba lamya chifukwa inu mukangomva kapumidwe kanga mumayamba kulira ndisananene kanthu. Choyamba dziwani kuti Tanveer ali moyo. Zotsalazi muwerenge mutakhala pansi.

Mukudziwa kuti mwana wanuyu, poti munamulera ndinu amayi ake atatisiya, anandiumiriza kuti asanakwatire ndimuonetse mzinda umene anabadwira. Ndinakana mpaka ndinatopa. Chiikireni amayi akewo, Shagufta, m'manda n'kusamukira ku Bahawalpur, ndinali ndisanapondenso kuno. Koma tinakwera sitima.

Masiku oyambawo anali abwino, ndisaname. Tinalowera mumzinda wakale pa chipata chija amati cha Delhi, ndinamuonetsa mzikiti wa Wazir Khan ndi pakhonde paja amayi ake ankakhala podikira kuti nditseke shopu. Tinakwera ku linga la mafumu, tinajambulitsa pamakwerero aja pankakwera njovu zawo. M'mawa anadya msuzi wa mapazi a mbuzi mpaka thukuta kamukamu, nati, "Ababa, mzinda wotere munandibisiranji? Kwathu kuja tikungodya mchenga." Ndinaseka. Mumsewu anaona njinga zamoto zili ndi waya wopindika kutsogolo, wodutsa pamwamba pa mutu wa woyendetsa, nandifunsa ntchito yake. Ndinati ndi wokongoletsera. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana makayiti, timapepala tija touluka pa ulusi, amene anali m'mwamba ngakhale boma linaletsa, ndipo sanafunsenso.

Lachinayi tinapita ku kanjira kathu kakale. M'nyumba mwathu muja tsopano akugulitsiramo mafoni. Tili chiimire pamenepo ndinamva mawu kumbuyo: "Inayat telala! Iwe, sunafe? Ife timayesa unameza singano!" Anali a Fazal Din, aja opanga ulusi wa makayiti, ndevu zayera koma pakamwa ndi pomwe paja. Anandikumbatira, nagwira Tanveer masaya. "Kamwana kamamina kaja ndi aka? Ati kakukwatira? Mtsikanayo maso ake ali bwinobwino?" Anatikokera kubwalo la kuseri kwa nyumba yawo kuti timwe tiyi.

Achemwali, ntchito ija sanaisiye, angoibisa kuseri kwa mpanda. Ulusi unali utamangidwa mizeremizere pakati pa mitengo iwiri, ndipo ana awo aamuna awiri, madoda tsopano, ankayenda uku ndi uku akuupaka phala la guluu ndi magalasi osinja kuti uzidula ulusi wa makayiti a ena m'mwamba, zala atazikulunga nsanza. Tiyi ndinamwa chifukwa cha ulemu.

Inu mukudziwa kuti mwini wa ulusi umene unapha Shagufta sadziwika. Tsiku la chikondwerero cha makayiti lija, makayiti oduka anali mbwee mumzinda monse, ulusi uli lende m'misewu. Unandipala khutu, unadutsa paphewa panga, n'kumupeza iye pakhosi ali kumbuyo kwanga pa njinga yamoto. Tanveer anali pakati pathu, wa zaka zinayi. Tonse tinkatonthozana kuti sakumbukira kanthu.

A Fazal Din analowa m'nyumba natuluka ndi mpukutu waukulu wa ulusi wofiira. Mwambo wa m'kanjira kathu mukuudziwa, mkwati sachoka chimanjamanja, ndipo iwo mphatso yoposa imeneyo alibe. Sindikhulupirira kuti anachita mwankhanza. Kwa iwo imfa ya mkazi wanga inali ngozi ya pamsewu, ngati kugundidwa ndi basi. Anauika mpukutuwo m'manja mwa Tanveer nati, "Tenga, mwana wanga. Wotere sindigulitsa. Uwu ungadule khosi la mbuzi, mbuziyo ikadadyabe udzu."

Ana awo anaseka. Tanveer anafunsa motsitsa, "La mbuzi lokha, amalume?"

"Ngakhale la ng'ombe, bola ukoke ngati mwamuna!"

Sindinaone pamene Tanveer anadzuka. Ndinangoona kapu ya tiyi ikugwa, iye ali kale kumbuyo kwa nkhalambayo, ulusi wazungulira khosi, akukoka ndi manja opanda nsanza. Sankakuwa. Ankangoyang'ana ine n'kumati, "Magazi a amayi anali otentha, Ababa. Anandilowa m'kamwa." Magazi anatsikira pamalaya a mkuluyo, ena akuchucha m'zala za Tanveer yemwe, poti ulusi umenewo susankha. Ndinamugwira mikono, inali ngati chitsulo. Ndinamuluma padzanja, mwana wanga yemwe, mpaka mano anakumana ndi fupa. Mulungu anachita chifundo, anatayilira.

Pamenepo ana a mkuluyo anatola nsungwi zija amakolera makayiti oduka. Anthu anatsika m'madenga, ena analowera pachipata, aliyense ndi chimene dzanja lapeza. Nsungwi yoyamba inamupeza Tanveer pamwamba pa diso, anagwa chafufumimba. Anamuponda m'nthiti, wina anamuphwanya bondo ndi njerwa. Wina ankafuula, "Mumangeni ndi ulusi womwewo, galu wa kuchipululu ameneyu!" Ndinagona pamwamba pake, nsungwi zinayamba kugwera pamsana panga. Ndinkangoti, "Ndi mwana wa Shagufta, abale anga, ndi mwana wa Shagufta," mpaka mayi wina wachikulire anakuwa pazenera, "Lekani, anthu opanda manyazi inu! Mtembo wa amayi ake ndinasambitsa ndine!" Manja anayamba kulefuka. Apolisi anapeza tonse tili gone m'matope a guluu ndi magazi.

A Fazal Din sanafe. Madokotala anawasoka khosi, koma mawu sakutuluka. Tanveer anamusoka zala, ziwiri za kumanja sizikupinda, ndipo sindikudziwa ngati adzagwirenso sizasi yake yautelala. Mwendo wake wabwinowo aumangirira ku bedi la chipatala ndi unyolo. Wapolisi wamkulu anandiuza mosabisa kuti mlandu wake ndi wofuna kupha munthu, zaka zambiri kundende, pokhapokha banja lovulazidwalo litakhululuka pamaso pa woweruza. "Iwonso sakufuna kuti tizisuzumira kuseri kwawo kuja," anatero. "Pitani mukagwade, madala, chitsulo chikadali chamoto."

Dzulo ndinapita. A Fazal Din anali atawagoneka panja pabedi la zingwe, khosi lili m'mabandeji, kanjira konse kataunjikana. Ndinavula chisoti changa n'kuchiika pamapazi awo. Amene ankalankhula ndi mwana wawo wamkulu, Rafiq.

"Za magazi takhululuka," anatero. "Bambo alozera ndi dzanja kuti mwanayo mutu wake sukuyenda bwino. Koma za manyazi ayi. Iwo anapereka mphatso ndi manja awiri, inu munaibwezera pakhosi pawo. Muilandire pano, ndipo muthokoze, anthu amve."

Anabweretsa mpukutu womwe uja. Sanaupukute n'komwe, mbali ina inali itada ndi magazi ouma. Ndinayang'ana a Fazal Din. M'maso mwawo munali misozi, ndipo ndikhulupirira ankaona ngati akundibwezera ulemu. Ndinatambasula manja onse awiri, ndinati, "Zikomo akuluakulu, Mulungu adalitse manja anu."

"Mokweza, telala," anatero Rafiq. "Akumbuyoko sanamve."

Ndinabwereza mokweza. Anandibwezera chisoti, wina anabweretsa tiyi, ndipo ndinamwanso. Mawa Rafiq akanena mawu awo okhululuka kukhoti, ndipo Mulungu akalola unyolo uja uchoka.

Tsopano pempho langa ndi ili. Muwaimbire makolo a mtsikanayo, Samina, muwauze kuti ukwati usunthidwe kaye. Kaya muwauza zoona kaya muti anagwa pa njinga, inu ndinu mumadziwa kulankhula ndi anthu. Chachiwiri, zimene ndinachita dzulo Tanveer asazimve, ngakhale ine nditafa. Ulusiwo uli pansi pa bedi m'chipinda chimene ndikugona, ndaukulunga m'malaya anga. Rafiq ananditsina khutu kuti akadzamva kuti ndausiya mu Lahore muno, zonse zibwerera poyamba. Kudzala sindingautaye, kuli anthu otola ndi manja. Kumtsinje kuli mbalame ndi asodzi. Pamoto magalasi sapsa. Ndiye ndikwera nawo sitima, m'chikwama chimodzi ndi zovala za mkwati zimene tinagula kumsika wa Anarkali. Ngati mukudziwa malo amene chinthu chotere chingagone osavulaza munthu, mundiuze.

Kumanda sitinafike. Tinkati tipite Lachisanu tikatuluka mumzikiti. Mumupempherere Shagufta m'malo mwathu.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti mankhwala a shuga asamadumphitse. Moni kwa Nighat ndi ana ake. Za ine musade nkhawa, msana ukupweteka pang'ono chabe ndikamawerama popemphera. Mwana wanu Tanveer akuti ndikuuzeni kuti akudya, ndipo akuphunzira kugwira supuni ndi dzanja lamanzere. Wandifunsa kangapo kuti anthu aja akhululuka bwanji msanga chonchi. Ndamuuza kuti anthu a kwawo kwa amayi ake ndi amtima wabwino.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Inayat