Bwezani makina a filimu ya ukwati wathu

Achimwene,

Makina oonerera mafilimu aja munanyamula pobwerera ku Malawi, mukuti kuno akungodya malo, kodi mukudziwa kuti munanyamula ndi mawu a mlamu wanu omwe?

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ife kuno ku Walsall, ku Mangalande, matupi alibe vuto, koma chiikire maliro a mayi a Tadala, nyumba yazizira.

Lamulungu Tadala anandipempha filimu ya ukwati wathu, akuti wayamba kuiwala mmene mayi ake ankasekera. Ndinaika chimbale m'makina a Blu-ray, chinakana. Paja wojambula uja anatiikira pa HD DVD, nthawi imene mitundu iwiriyi inkalimbirana msika, ati ndi umene udzapambane. Unagonja, ndipo makina owerenga chimbale chotere ndi aja munatengawo. Ndazungulira mashopu a zinthu zakale mpaka ku Kings Heath kufuna ena otero. Wogulitsa wina anatembenuza chimbalecho n'kuseka, ati izi zinafa kalekale. Ndinamulalatira, kenako ndinakalirira m'basi.

Mwana akundiyang'ana. Mayi ake ndawagwira m'manja, koma sangawaone.

Ndiye musandiuze za mawa. Mafilimu anuwo mungaonere pa makina alionse. Awa akulungeni bwino, ndi chingwe chake chomwe, mupatsire aliyense wokwera ndege mwezi uno. Mulungu akusungeni, koma makinawo abwere.

Ine mng'ono wanu,
Yohane