Ndere Zadzaza Thanki, Mlandu Wagwera Ine

Aphungu,

Ndatopa. Amuna anga amaweta nsomba za m'madzi amchere m'thanki yagalasi pabalaza, pamodzi ndi makorali, tizamoyo tooneka ngati maluwa apamwala. Thankiyo amaikonda mwina kuposa ine. Tsopano miyala yonse yamera ubweya wobiriwira, ndipo pamchenga payala chinthu chofiira, choterera, chotulutsa thovu. Makorali ena ayamba kufota.

Amuna angawo akuti ndine ndawononga, ati ndimapopera mankhwala opukutira mipando pafupi ndi thanki. Dzana anachita kundilanda kansalu m'manja ana akuona.

Koma chikuchitika ndikuchidziwa. Apongozi anga ali kwathu kuno kudikira opaleshoni ya maso. Mwana wawo akangopita kuntchito, amatsegula makatani onse kuti nsomba ziwothe dzuwa, kenako n'kuzithirira chakudya chodzaza dzanja. Nditawaletsa anandiyankha kuti, "Sukuona mmene zikuyasamulira? Ana ndalera ine, njala ndimaidziwa."

Ndikaulula, ndikhala woneneza mayi wodwala. Ndikakhala chete, nditukwanidwabe chifukwa cha nsomba zosadyedwa n'komwe. Nditani?

T.B.M.

Mayi T.B.M.,

Kansalu kanu n'kosalakwa. Ubweya wobiriwirawo ndi ndere, ndipo chofiira choterera chija ndi tizilombo tomwe timayala ngati bulangeti pamene madzi sakuyenda bwino. Zonsezi zimanenepa ndi chakudya chowolera pansi komanso kuwala kwambiri. Apongozi anu akudyetsa ndere, osati nsomba.

Amuna anuwo apinde malaya. Ndere azizule ndi manja, zokanirira azikwecha ndi mswachi watsopano, mwala uli m'ndowa ya madzi a m'thanki momwemo. Chofiiracho achiyamwe ndi kapaipi. Sabata iliyonse azichotsako madzi pang'ono n'kubwezeramo osefedwa bwino, osakaniza ndi mchere wake wa thanki. Madzi apampopi ayi. Makatani atsekedwe, nyali ya thanki izizima msanga, pampu yoyendetsa madzi ilozetsedwe kumene madzi aima. Nkhono zodya ndere zithandizanso.

Tsono kwa inu. Mwasenza mlandu wa eni mokwanira. Auzeni amuna anu muli awiri, mopanda ukali, ndipo iwo okha ndiwo akayankhule ndi mayi awo. Za kansalu zija apepese, pakuti anakuchititsani manyazi pamaso pa ana.

Apongozi musawalande ntchito. Munthu amene maso akumuthawa, tsiku lonse ali m'nyumba ya eni, amafuna choti chizimudikira. Mwana wawo aziwayezera chakudya cha tsikulo pakachivindikiro ka botolo, iwo ndiwo azithira. Chitini cha chakudyacho chikhale pamwamba pa kabati.

Chenjezo langa: ndere sizitha tsiku limodzi, ndiye bambowo asapse mtima n'kuthiramo mankhwala osawadziwa. Ena ali ndi chitsulo cha kopa, amapha makorali ndi nkhono zomwe. Zikafa pamenepo, musalole kuti akuyang'aneninso inu.

Aphungu