Amayi Asiya Kugulitsa Mandasi Pasukulu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Biriwiri matenda kulibe, koma mtima wanga suli m'malo.

Komiti ya pasukulu yagwirizana kuti pa nthawi yopuma ana azigula zipatso, mtedza ndi mbatata yophika basi. Mandasi ndi maswiti aletsa, ati ana akuwola mano. Ahedi anatuma ine, poti ndine mphunzitsi, kuti ndikauze ogulitsa.

Amayi ndinawapeza pansi pa mtengo wawo wogulitsirapo uja, beseni la mandasi lili lodzaza. Nditafotokoza, anati, "Mandasi omwewa ndiwo anakuphunzitsa, mwanawe. Lero aipa?" Anagawira ana mandasi onse ulele, nasenza beseni kubwerera kunyumba.

Ndawapempha kuti azigulitsa nthochi, koma akana. Chimwalirireni bambo, pamtengo paja pokha ndi pamene amayi ankaseka. Tsopano belu likalira amangokhala pakhonde, maso ali kusukulu.

Chonde muwaimbire foni Lamulungu akaweruka kutchalitchi. Mwina inu akumverani, chifukwa ine akungondiyankha moni yekha.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati