Galu wa Yohane Waluma Mwana

Amayi, kodi mukugona bwanji kumeneko?

Ine ndilipo, maondo okha ndiwo akudandaula. Ndikadali pantchito ija kwa dokotala wa ziweto m'tauni, kugwira agalu a azungu a ku Woodlands iye akamabaya jakisoni. Zaka zonsezi ndine wogwira ndi wokolopa basi, koma abale anandikweza okha, amanditcha dokotala.

Kumudzi akuti mtedza wachita bwino. Mng'ono wanga Yohane anapeza nyumba ku Chilenje, m'tauni momuno, ndipo akulera mdzukulu wa zaka zinayi amene anamutcha dzina lanu, Nelia. Amaseka ngati inu, atagwira pakamwa.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, pakhomo panga ku Kabwata pamadzaza. Uyu galu wa nkhupakupa, uyu mphaka wosadya, wina mpaka nkhuku m'dengu. Zikomo samudziwa. Ndimangopirira, poti munkati wodziwa pali madzi samwa yekha.

Lero m'mawa Yohane anandiitana kuti ndikaone galu wake. Amayi, galuyo dovu lili chuchuchu, akuluma mtengo umene anamumangirirapo, mwini wake sakumuzindikira. Chiwewe ndachiona kuntchito, sindingachisokoneze. Kenako ndinaona kansanza pamwendo pa Nelia. Akuti galuyo anangomupala ndi dzino, anathirapo kale mchere.

Ndinawauza kuti mwana apite kuchipatala, galu akanenedwe kuboma. Yohane anakana. Akuti a boma akabwera adzawombera agalu a mzere wonse, anansi n'kumuda. Chimene amafuna n'choti ndimubere mankhwala kuntchito, nkhani ithere panyumba. Nditakana, ananena pamaso pa mlamu kuti ndine kapolo wa agalu a azungu, munthu wolekera Sitandade 2. Inu mukudziwa amene ndinamusiyira sukuluyo, pamene ndinapita kukathyola fodya kuti iye akhale m'kalasi.

Zandiwawa, sindibisa. Malangizo anga amawakonda akakhala otsekemera, akawawa ndasanduka mbuli. Koma mbuli yomweyi inaona mmene chiwewe chimathera, Yohane sanaonepo.

Ndikangoika pensuloyi pansi ndikwera njinga kubwerera ku Chilenje. Mwanayo ndikamunyamula ndekha, atukwane atukwane, ndipo za galu ndikanena. Yohane akafuna asadzandilankhulenso. Mlandu wa ife awiri mudzaweruza ndinu tikafika kumandako, sitichedwa, takalamba. Koma Nelia musamuyalire mphasa. Sabwera chaka chino, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Gidiyoni